Tadala Sankapempha

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji? Muli bwino kodi?

Ndikudziwa, abusa anatiuza tsiku la maliro anu kuti kumene mwapitako kulibe chifuwa kapena kutupa miyendo, koma inu munkati kalata yopanda moni ndi mwano. Ife kuno tilipo. Kungoti ine mtima suli m'malo. Ndikulemba ndili pakhonde, mphepo ya Juni ikulimbana ndi pepala, abambo ali kuchigafa cha fodya, Tadala ali kusukulu. Njinga iliyonse ikamatsika kamtunda ka kutchalitchi kaja ndikumadzidzimuka n'kuimirira, kuopa kuti ndi uthenga woti ndithamangire kusukuluko. Chiyambireni kulemba mawu ochepawa ndaimirira kale kawiri. Woyamba anali wogulitsa usipa, wachiwiri woledzera.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo sumulonjera ndi maliro. Chimanga cha kumunda wa kuphiri chachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka china tasanja m'matumba. Cha kumunsi chinadyedwa ndi mbozi chikadali m'mawondo. Mtedza wanu uja munkasunga mbewu yake m'chigubu cha buluu ndinabzala mochedwa, mvula yachiwiri itadutsa, ndiye wabereka molingana ndi ulesi wanga. Kalipani, ndamva. Mbuzi yamawanga yaswa ana awiri, onse atengera mayi wawo kuba: dzana ndinawapeza m'khitchini akunyambita mchere. Pamanda panu ndinapalira mvula itangosiya. Abambo akuonda, koma akuti ndi lamba amene wakula.

Ku Dzoole, Chisomo wa azakhali anachira bwinobwino mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndinapita, ndinamunyamula, ndinaseka nawo. Koma sindinaiwale kuti sabata zitatu zonse zimene munagona kuchipatala cha Mtengowanthenga, a ku Dzoolewo sanabwere ngakhale ndi phala la m'kapu. Dzina lokha ndilo aliona kukoma. Mukanakhalapo mukanati, “Thoko, lilime lako limafika kuchigayo iwe usanasenze thumba.” Ndi zoona. M'kalata muno muona kumene linandifikitsa.

Chikundilembetsa ndi Tadala. Wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi tsopano, watalika, mano akutsogolo aja anamera aakulu ngati a abambo. Inu mukudziwa kuti chiyambire pamene malungo aja anamutseka makutu ali ndi zaka ziwiri, n'kumusiyiranso matenda akugwa, munthu amene ankamvana naye padziko pano munali inu nokha. Munali ndi chinenero chanu awirinu, cha zala ndi nsidze. Ine zaka zinayi zonse ndinali kusekondale yogonera konko. Ndikabwera patchuthi ndinkangokuonani mukukodolana n'kumaseka, ine maso ali m'mabuku. Mutapita ndinapezeka ndili ndi mawu anayi okha olankhulira ndi mng'ono wanga: idya, bwera, gona, siya. Tangoganizani, Amayi, kulera mwana ndi mawu anayi, onsewo olamula.

Ndiye ndinalimbikira kuti apite kusukulu. Ya boma ya pafupiyi munaiyesa kale inu: anakhala zaka ziwiri kumbuyo kwa chikhamu cha ana, akuyang'ana milomo ya aphunzitsi ngati munthu woonerera mvula. Ndinayamba kuyenda m'mapulaiveti. Yoyamba anandilandira ndi mpando ndi madzi akumwa, mpaka pamene ndinatchula khunyu. Ahedi ake anabweza fomu m'dirowa ine ndikuona. Akuti makolo akamva adzachotsa ana awo, poti anthu amati thovu la munthu wakugwa limapatsira. Anthu ovala tayi, Amayi! Ndinawauza zimene ndinawauza n'kutuluka.

Yachiwiri ili m'mbali mwa msewu wopita ku boma, ya mpanda wa njerwa, ndipo pachikwangwani analemba kuti amalandiranso ana a ulumali. Pafomu pawo pali mzere wofunsa vuto la mwana, ndi mzere wina m'munsi mwake wofunsa ngati ali ndi matenda ena. Pa woyamba ndinalemba kuti samva, salankhula. Pofika pa wachiwiri abambo anandigwira chigongono n'kunong'ona kuti, “Pamenepo dumpha. Mankhwala akumwa, nanga wagwapo liti?” Zinali zoona, chimwalirireni inu anali atagwa kamodzi kokha, poti mapiritsi ake sindiphonya kukatenga. Ndinadumpha. Ndakhala ndikuwaloza chala abambo pa zimenezi, koma cholembera chinali m'manja mwanga.

Kusukuluko kuli kachipinda amakatcha risosi. Kale munkakhala makasu ndi matumba a simenti, mpaka lero pansi pake mpotuwa. M'mawa Tadala amakhala m'kalasi ndi ana ena onse, pabenchi ya kutsogolo. Ikakwana buleki amapita ku risosi ndi anzake asanu: atatu osamva ngati iye, wina woona movutikira, wina woyenda pa njinga ya olumala. Onsewo mphunzitsi wawo ndi mmodzi, a Madamu Chimphonda, mayi wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi, amene anaphunzira za ana oterewa kukoleji. Amaphunzitsa chinenero chamanja chenicheni, chija timachiona pakona pa kanema nthawi ya nkhani. Tsiku loyamba anandiuza lamulo lawo: zizindikiro za kunyumba zizitsala pakhomo ngati nsapato zamatope, chifukwa mwana aliyense akalowa ndi zakwawo sadzamvana. Ndinavomera, ndinachita kugwedeza mutu ngati munthu wa Folomu 4 womvetsa zinthu. Mwinanso, ndiulule, ndinakondwera kuti chinenero chanu chija, chimene ine chinkandisiya panja, chatha ntchito.

Ndipo mukanamuona, Amayi! Teremu imodzi yokha mwana anayamba kulemba dzina lake, analilemba ndi khala pachitseko cha khitchini, pankhokwe, ngakhale pampando wa abambo. Anapeza anzake okangana nawo. Anayamba kuseka mokweza, kaseko kokhakhala kamene iye sakamva koma kamadzutsa nkhuku. Kumeneko munthu aliyense amam'patsa dzina la manja. A Madamu ndi zala ziwiri pamaso, chifukwa cha magalasi. Abambo ndi chipewa. Ine dzina langa ndi dzanja lotseguka ndi kutsekeka ngati kamwa la bakha. Mwana wosamva, koma anadziwa kuti mkulu wake ndi wolongolola.

Ali ndi kope limene a Madamu amalembamo uthenga wa kwa makolo. Abambo saliwerenga, amati za makope n'za ophunzira, ndiye ndimasaina ndine. Tsiku lina ndinapezamo mawu akuti: “Tadala ali ndi chizolowezi chopempha ndalama kwa aphunzitsi. Amatikita zala pafupi ndi nkhope n'kumatikoka malaya. Akaletsedwa amasunama. Chonde mumulangize.” Ana a kumeneko ambiri ndi a anthu a m'maofesi ndi a magolosale, ndiye ndinati basi, tadziwika kuti ndife a kumudzi. Uthengawo unabweranso kachiwiri, kachitatu, uku atawonjezera kuti amuimika pakona. Kenaka teremu ino itangoyamba ndinapeza atalemba kuti: “Zikomo kwambiri, wasiya kupempha.” Ndinasaina monyadira.

Patangotha sabata ziwiri anagwa. Inali nthawi ya phala, ana ali pamzere kuseri kwa makalasi kumene amaphikira pamafuwa. Akuti sanaonetse chilichonse, anangouma n'kugwera cham'mbali, mkono wamanzere pamakala. Mayi wophika ndi amene anamukoka. Ana anabalalika akukuwa. Mphunzitsi wina anathamanga ndi supuni kuti amuike m'kamwa, a Madamu ndi amene anamukaniza n'kumugoneka mwanayo cham'mbali. Izi ndazimva pambuyo pake, ndipo ndikuzilemba chifukwa inu munkadana ndi umboni wa theka. Ine ndinamupeza kuchipatala, mkono uli m'mabandeji kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono. Sanalire atandiona. Anangondionetsa mkonowo ngati akufunsa kuti ichi n'chiyani. Namwino anati tithokoze kuti si nkhope. Mphika wa phala lowira unali pomwepo, Amayi. Akanagwera kumanja m'malo mwa kumanzere, bwenzi kalatayi ndikumutuma iyeyo kuti akupatsireni.

Titabwerera kunyumba ndinakawapeza abambo kuchigafa akusankha fodya. Ndinkawakhuthulira za kusukulu, mkwiyo ndi manyazi zonse pamodzi, mpaka ndinatchula za kupempha zija. Anafunsa kuti ankapempha motani. Ndinatikita zala pafupi ndi mphuno. Abambo anagwetsa masamba amene anali nawo m'manja. Anati, “Iwe Thoko, zimenezo si ndalama. Ameneyo ndi fodya.”

Kenaka anandifotokozera zimene inu munatulukira ine ndili kusekondale. Akuti Tadala akatsala pang'ono kugwa amamva fungo ngati la fodya wouma, ngakhale mwezi wa Okutobala m'chigafa mulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Munkamuona akununkhiza m'mwamba n'kumaloza kuchigafa, pakapita kanthawi n'kugwa, mpaka munalumikiza ziwirizo. Ndiye munamupangira chizindikiro: kutikita zala pamphuno, monga amachitira mlimi poona ngati tsamba lafewa. Akatero inu munkasiya chilichonse, kumuchotsa pamoto kapena pamadzi, kumugoneka pachitenje. Nthawi zina kugwa kwenikweniko sikunkabwera, ankangoti maso tong'o kwa kanthawi n'kudzidzimuka. Umenewo ndiwo msunamo wa m'kope uja. Abambo ali mkati mofotokoza ndinakumbuka tchuthi china, munataya lichero la nyemba pabwalo n'kuthamanga mukumasula chitenje. Ine ndinatola nyembazo ndikudandaula, osafunsa kuti munadziwa bwanji mwana asanagwe.

Ndinawafunsa abambo chifukwa chimene sanandiuzire chaka chonse ndi miyezi inayi. Anati ankayesa ndikudziwa, poti ndine wamkazi wa pakhomo. Ndinati, “Kodi ukazi umabwera ndi buku lake?” Anawerama n'kutola masamba awo aja. Ndipo inunso, Amayi, ndikufunseni. Sabata zitatu ndinagona pansi pa bedi lanu kuchipatala. Munandiuza za mbewu, za amene anabwereka sefa yanu osabweza, za nyimbo yoti adzakuimbireni. Ichi chokha munaiwala bwanji? Kapena munkayesa mutuluka? Munkakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Cha Tadala chinkaimba. Munachipangira ng'oma ndinu, koma kulira kwake simunatiuze.

Mkwiyo wonsewo ndinausenza m'mawa mwake kupita nawo kusukulu. Ndinawapeza a Madamu pakhomo pa risosi, ana ali m'mawindo, ahedi atatuluka mu ofesi. Sindilemba zonse, pepalali lingapse. Ndinawafunsa ngati satifiketi yawo anaitola pamsika. Ndinati manja odziwa kulankhulawo ali ndi phindu lanji ngati maso amawasiya kunyumba. Ndinati mwana ankakuuzani kuti ndikugwa, inu n'kumamuimika pakona mpaka wasiya kunena, kenaka n'kulemba zikomo. A Madamu anandisiya ndimalize. Nditapuma anafunsa funso limodzi: “Pafomu munalemba chiyani, achemwali?” Ine ndinangokweza mawu. Ndinatenga makope a Tadala n'kulumbira kuti pamenepo sapondaponso.

Anakhala pakhomo sabata zitatu, ndipo sabata zimenezo sindingazifunire munthu, ngakhale a ku Dzoole. Adokotala anati mwana wakula, mankhwala amuchepera, anasintha mlingo, koma anati zitenga nthawi kuti thupi lizolowere. Ndinasanduka mthunzi wake. Kukhitchini ayi, kumjigo ayi, kuchimbudzi ndimaima pakhomo. Komabe anagwa kawiri. Koyamba kubafa. Kachiwiri kudimba, pachitsime chija chopanda chivundikiro. Ndinawerama kuthyola mpiru, kanthawi kochepa chabe, podzuka ndinamuona ali pansi akuphupha, mutu uli pamlomo penipeni pa chitsime, chidebe chitagwera kale m'madzi. Ndinamukoka mwendo. Ndinakhala pamatope ndi mutu wake pamiyendo panga mpaka abambo anatipeza. Konse kuwiriko dzanja lake silinakwere kumphuno. Fungo analimva, ndikudziwa, chifukwa kubafa kuja ndinamuona akukwinya mphuno. Koma manja anawapanikiza m'khwapa.

Ndinayesa kumuuza. Ndinkagwada patsogolo pake, kutikita zala pamphuno panga, kumwetulira, kugwedeza mutu kuti chita, chita, n'zabwino. Iye ankangobwerera m'mbuyo, manja m'khwapa, akundiyang'ana ngati ndine galu wachiwewe. Nthawi zina ankayankha ndi manja a kusukulu, mothamanga, ine osatolapo kanthu. Akatopa ankapanga kamwa la bakha lija n'kuchoka. M'mawa uliwonse ankavala yunifolomu n'kukakhala pakaliyala ya njinga ya abambo, mkono wa bandeji pamwendo, kudikira ulendo umene kunalibe. Zimene ndinkafuna kumuuza n'zochepa: ukamva fungo uzinena, palibe adzakulange. Mu idya, bwera, gona ndi siya mulibe mawu amenewo. Ndipo m'mapiri onse ano munthu wotha kuwanena kwa iye ndi mmodzi, yemwe uja ndinamufunsa za satifiketi.

Abambo anati ndipite ndikapepese. Ndinati kuli bwino ndimeze khasu. Koma zitachitika za pachitsime sindinadikire kuuzidwanso.

Tinapita Lachinayi la sabata yatha, masana, ana ataweruka. A Madamu anali kusesa mu risosi. Tadala anandisiya pakhomo n'kukawakumbatira m'chiuno, ine nsanje n'kundigwira. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, “Mwabwera kudzamaliza zotsala?” Ndinati, “Ndabwera kudzabwereka manja anu. Angawa akanika.” Kupepesa kwanga kunathera pomwepo, ndipo iwo anadziwa kuti zoposa apo sapeza. Anatipatsa timabenchi. Ndinawafotokozera za fodya, za inu, za pachitsime. Anavula magalasi n'kukhala nthawi akuwapukuta. Anati, “Ndinamuimika pakona katatu. Akati maso tong'o ndinkati ndi mwano. Chichitikireni chakudya sichikulowa.” Sindinawatonthoze.

Kenaka anatembenukira kwa Tadala n'kuyamba kulankhula naye pang'onopang'ono. Mwana anayang'ana iwo, anayang'ana ine, manja akadali m'khwapa. Kenaka anawatulutsa. Amayi, sindinaonepo mwana wanu akulankhula motalika chotero. Manja ankachita kuthamangitsana, wa bandeji womwe, ndipo pakati pake ndinaona kamwa la bakha, kawiri, katatu. A Madamu anasiya kumasulira. Anati, “Ndinene zonse?” Ndinati nenani, ndabwerera zomwezo.

Anati, “Akuti pakona sankaopapo, ankangoima. Akuti patchuthi munapita naye kumsika wa ku Dzaleka kukagula nsapato za sukulu. Fungo linabwera muli pa anthu ogulitsa chapati. Anakukokani chitenje n'kukuuzani. Akuti munamumenya zala ndi nsapato yatsopanoyo. Akuti pamenepo anadziwa kuti mawu amenewo anali a amayi okha, ndipo amayi anapita nawo.”

Zonse zinabwerera nthawi yomweyo. Linali Lachiwiri, anthu ali piringupiringu, uthenga wachitatu wa m'kope ukadali kundiwawa. Ndinamuona akutikita zala pamaso pa anthu, mayi wa chapati akumuyang'ana mwachisoni, ndipo ndinati lero ndithetsa. Ndinamenya ndi chidendene cha nsapato, kawiri. Ndinanenanso mokweza, ngati angamve, kuti, “Usandichititse manyazi iwe, sitinafike popempha!” Anakhala pansi pafumbi, maso tong'o, ine n'kumukoka dzanja lomwelo kuti tiye, wakwiyira chapati. Pofika kunyumba ndinali nditaiwala. Zikomo uja wa m'kope anali wanga, Amayi. Ndinamugwirira ntchito ndine.

Ndinagwada monga ndinkachitira kunyumba, ndinakweza zala kumphuno, kuti poti tsopano pali womasulira amve kuti ndikumupempha ayambirenso. Tadala anakwinya nkhope. Anabwera, anagwira dzanja langa ndi dzanja lake labwinolo n'kulitembenuza mwamphamvu. Ine ndinkatikita chikhatho chili chagada, chala chachikulu pamwamba, monga amachitira kondakitala wa minibasi. Chanu chija chikhatho chimayang'ana pansi, chala chachikulu chimakhala kunsi, ndipo zala zimatsetsereka pang'onopang'ono ngati zikutsata tsamba. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ukaziona bwino. Ndiye kuti sabata zitatu zonse zija ndinkagwada pamaso pa mwana wopsa mkono, ndikumwetulira, n'kumamunena kuti wopempha, wopempha.

Wabwerera kusukulu Lolemba lapitali. Mzere wachiwiri wa pafomu uja ndinaudzaza ahedi akuona. Anang'ung'udza za makolo, koma a Madamu anawauza kuti akachotsa Tadala afufutenso mawu a pachikwangwani, ndiye anamusiya. Phala akumamubweretsera mu risosi, kumafuwa sakufikako. Chizindikiro chanu a Madamu achijambula papepala n'kuchimata pakhoma pakati pa zizindikiro za m'buku, ndipo aphunzitsa aphunzitsi onse, mayi wophika, ndi ana a pabenchi yake, chikhatho pansi. Lamulo la nsapato zamatope akuti likadalipo, koma mwana watsopano aliyense azikhala naye kaye pansi pamodzi ndi kholo lake, n'kufunsa tanthauzo la chizindikiro chilichonse cha kwawo. Sindinganene kuti ndawakhululukira. Munthu wopita kukoleji anayenera kufunsa poyamba pomwe. Koma ndikafika pamenepa m'maganizo ndimakumbuka kuti safunsa wina ali pakhonde pano ndi cholembera.

Chimene chikundidya ndi ichi. Tsiku lija a Madamu anamufunsa Tadala ngati adzanena fungo likadzabweranso. Anakweza mapewa. Basi. Lero ndi tsiku lachisanu chibwerereni, sanagwe, sananenenso. Sindikudziwa ngati fungo silinabwere, kapena labwera iye n'kulibisa m'khwapa. Sukulu yonse tsopano ikudziwa kuwerenga dzanja limene mwina silidzakweranso. Pakati pa sukulu ndi kuno pali msewu wa malole, pali kamlatho kopanda zogwirira, ndipo iye amakhala pakaliyala, kumbuyo kwa abambo amene sangamuone. Ndawauza kuti azimumangirira m'chiuno mwawo ndi chitenje ngati khanda. Iye amadana nazo, amatupa, koma akumangidwa. Ndafunsa kwa a Madamu ngati mwana angayambirenso mawu amene anawataya chifukwa cha mantha. Anati ena amayambiranso, ena ayi, ndipo sakufuna kundinamiza. Ndikanakonda akanandinamiza.

Lachitatu ndinakakhala nawo mu risosi, pakabenchi, mawondo akufika m'chibwano, ana akundiseka zala zanga zouma ngati mikangala yopachikira fodya. Ndizipita Lachitatu lililonse. Ndinapempha a Madamu kuti mawu oyamba kundiphunzitsa akhale pepa. Ndinabwereza mpaka anati ndakhoza. Titafika kunyumba, titadya, ndinamuchitira Tadala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anawongola chala changa chimodzi chimene chinapotoka, n'kutenga mbale kukatsuka. Kuyankha sanayankhe. Dzulo ndinachitanso, chimodzimodzi. Ndi mng'ono wanga ndithu ameneyu, Amayi. Mtimawu tinauyamwa pabere limodzi, ndipo sindingamudandaule.

Ndikukulonjezani kuti ndizimupepesa tsiku lililonse mpaka adzayankhe, kaya chitha chaka. Ndipo dzanja lakelo likadzangonyamuka kulowera kumphuno, kaya tili m'tchalitchi pakati pa pemphero, kaya pamsika anthu onse akuona, ndidzataya chilichonse chili m'manja mwanga n'kuyala chitenje. Inu kumeneko, ngati amakulolani kusuzumira pansi, muziyang'ana pakamlathopo nthawi yoweruka, poti ine maso anga safika.

Ndimakukondani kwambiri, ngakhale ndakukalipirani.

Ndine mwana wanu,
Thoko